Zipewa za mlaza za banja lathu

Bizinesi yathu ndi ya zipewa za mlaza. Timalukira pakhomo, kufupi ndi Liwonde m'boma la Machinga, ndipo kashopu kathu kali m'mbali mwa msewu wa M3. Lusoli silinachokere kusukulu ya ntchito zamanja ayi. Linayamba ndi agogo awo aamuna a mayi anga, dziko lino likadali Nyasaland.

Chinawaphunzitsa kuluka ndi msonkho. Boma la atsamunda linkadula msonkho pa nyumba iliyonse, ndipo kuyambira mu 1921 unali mashilingi 6 pachaka. Amuna ambiri a m'mudzi mwathu ankakausaka m'minda ya azungu ya fodya ndi tiyi, komwe kunali thangata. Ena anauyatsa wa ku Halale ndi ku Joni, ndipo angapo anatchona osabweranso. Agogo sanafune kusiya mkazi ndi ana. Migwalangwa inali mbwee m'madambo a m'mbali mwa Shire, choncho anatsimikiza mtima kuti msonkho wawo uzichokera m'menemo.

Inali ntchito ya banja lonse. Iwo ankalawirira kukadula mlaza wanthete, uja usanatambasuke. Akazi awo ankauyanika padzuwa mpaka uyere, n'kuung'amba ndi kampeni timizere tofanana. Ana aakazi ankaunyowetsa kuti ufewe, kenaka n'kuluka chilamba chachitali, madzulo atakhala pamkeka akuimba nthano. Kusoka kokha kunali kwa agogo. Ankayambira pakati pa mutu, n'kumazungulira pang'onopang'ono mpaka kukafika kumlomo kwa chipewa. Anasema chipika chooneka ngati mutu wa munthu choti aziumbirapo, ndipo tili nachobe. Chinada ndi thukuta la m'manja, ndipo chinang'ambika mbali imodzi, koma chipewa chilichonse chotuluka pakhomo pathu chimayamba chakhalapo.

Zikakwana, ankazisanjikiza n'kuzipachika pamtengo, ulendo wapansi wa ku Zomba, komwe kunali likulu la boma. Ogula anali anthu ogwira ntchito padzuwa, aphunzitsi a sukulu zamishoni ndi makalaliki. Azungu anali ndi zawo zolimba zochokera kunja.

Apa m'pamene nkhaniyi imandikhudza kwambiri. Masiku amenewo munthu wakuda akakumana ndi mzungu panjira ankayembekezeka kuvula chipewa. Akachedwa, ankangomva kukuwa kuti "Chotsa chipewa!", ndipo ena ankamenyedwa. Sinali nkhani yaing'ono. Boma litakhazikitsa bungwe lofufuza zomwe zinautsa nkhondo ya John Chilembwe ya mu Januwale 1915, mboni zachikuda zinadandaula za chipongwe chimenechi pamodzi ndi za thangata. Mayi amasimba kuti agogo, munthu amene anaveka mitu yosawerengeka, ankalowa mu Zomba mutu uli pamtunda, dzuwa likuswa mtengo. Sankafuna kuvulira munthu mnzawo chinthu chimene anasoka ndi manja awo. Chawo ankavala akabwerera kumudzi.

Njala ya 1949 inatsala pang'ono kuithetsa ntchitoyi, pakuti wa njala sagula chipewa. Banja linapulumuka posinthanitsa mikeka ndi makaka kwa amene anali nawo. Agogo anamwalira ufulu wa 1964 usanafike. Kuti luso silinapite nawo kumanda, n'chifukwa cha chikamwini cha kwathu kuno: anyamata anakakwatira kwina, atsikana anatsala pamudzi, ndipo mmodzi wa iwo, amene anabereka mayi anga, anali atabera bambo ake kasokedwe pongoonerera. Kuchokera pamenepo singano yakhala m'manja mwa amayi.

Ine ndinalowamo nditaona momwe mayi ankagulitsira. Ogula mopikula ankabwera pakhomo n'kutchula okha mtengo wolira, kenaka n'kukagulitsa zipewa zomwezo kwa alendo kunyanja pamtengo wokwera kwambiri. Zinandiwawa, chifukwa ndinkaona zala za mayi zitachekekachekeka ndi mlaza. Ndinabwereka ndalama kubanki m'khonde n'kumanga kashopu. Lero otigula ndi alendo opita ku Liwonde National Park ndi ku Mangochi, alimi a mpunga, asodzi, komanso amayi ofuna zipewa zofanana za pa chinkhoswe. Ena amaitanitsa pa WhatsApp, n'kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ife n'kutumiza katundu pabasi ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Amayi a m'mudzi amene amatilukira timawalipira tsiku lomwe abweretsa katundu, osati kudikira kuti agulidwe kaye. Pamenepa sindisintha maganizo.

Zipewa za pakaunjika zimatilanda achinyamata, koma sizindisowetsa tulo. Chondidetsa nkhawa ndi mlaza weniweniwo. Pamene agogo ankadula kuseri kwa mudzi, ife timapalasa njinga mtunda wautali. Madambo asanduka minda, moto wolusa umapsereza mphukira chaka ndi chaka, ndipo mgwalangwa ukagomedwa uchema nthawi zambiri thunthu lake limauma. Otidulira timawapempha kuti pa tsinde lililonse azisiyapo masamba ena, ndipo wobweretsa mlaza wosonyeza kuti anametera tsinde lonse sitimugula.

Timaluka kwambiri kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene mlaza umauma bwino. Nthawi ya dzinja umachita chuku msanga, choncho oitanitsa miyezi imeneyo azitipatsa masiku owonjezera. Ngati mukufuna cha muyeso wanu, zungulizani chingwe pamutu, pamwamba pa makutu, muyeze pa rula, mutitumizire masentimita ake.