Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Mchenga wa ku Randburg

Gawo lapita lija ndinakusiyani nditangopeza ntchito ya m'galadeni ku Randburg, ku Joni. Mwezi wachiwiri usanathe, madzi anafuna kundichotsetsa ntchito.

Paipi yaikulu inaphulika mumsewu mwathu, mipopi inauma masiku awiri. Madzi atabwerera, shawa ya adona inkangolavula pang'onopang'ono, pomwe kapaipi kena kotulukira kukhoma kuseri kwa khitchini kankadontha usana ndi usiku. Adona sanavutike kupeza wolakwa. "Iwe ndi hosipaipi yako ija, wagwira chiyani?" Ine kukamwa yasa. Mapepala ndinalibe, ndiye kutsutsana ndi bwana sindinkakulota n'komwe.

Ndinaimbira bambo ena a ku Mangochi, apulambala, omwe anandithandiza kunyamula chikwama pa Park Station tsiku lomwe ndinafika. Anabwera Lachinayi ndi kabokosi ka zitsulo.

"Bambo, mwina ndi giza," ndinatero.

"Mwana wanga, giza ulisiye. Aliyense amathamangira giza. Tione valavu kaye."

Valavuyo inali pakhoma pomwe paipi imalowera m'nyumba, yamkuwa, ya chizindikiro chofiira. Anandiuza kuti chofiira ndi 400 kPa, chobiriwira 600; kPa ndiwo muyeso wa mphamvu ya madzi. Madzi a mumsewu amabwera ndi mphamvu yoposa yomwe giza ndi mapaipi a m'nyumba angapirire, makamaka usiku anthu akagona, ndiye ntchito ya valavu ndi kuwabweza mtima asanalowe.

Anatulutsa geji, kachida ka singano koyezera mphamvu ya madzi. Ine ndinaloza mpopi wa m'galadeni, iwo anapukusa mutu: mpopi umenewo unalumikizidwa valavu isanafike, ukanatinamiza. Anaimanga pa mpopi wa makina ochapira, natseka mipopi yonse. Tinakhala chete, maso pa singano. Inafika pa 400, inaima kaye, kenako n'kuyamba kukwera mwakachetechete ngati nalimata pakhoma.

"Waona? Sikutseka bwino. Tsopano katsegule kubafa."

Nditatsegula, singano inatsika kwambiri nthawi yomweyo. Matenda awiri m'thupi limodzi: madzi sakudutsa okwanira, komanso sakutsekeka. Za kapaipi kodontha kaja anati giza likamatenthetsa madzi, kudontha pang'ono n'chilengedwe chake, chifukwa madzi akatentha amafufuma. Kudontha kosalekeza ndiye kulira kwa valavu.

Tinatseka madzi pa mita, tinatsegula mpopi kuti mphamvu ithe, iwo n'kumasula valavuyo ndi sipanala. Kasefa ka mkati kanatuluka kali phaa ndi mchenga wofiirira ndi tizidutswa ta dzimbiri, zomwe zinalowa pokonza paipi ya mumsewu ija. Kamwala kena, kochepa kuposa njere ya mapira, kanali katakhala pa labala lotsekera. Kasefako ndinakatsuka ndine, ndi mswachi wakale. Labala linali lisanang'ambike, mwayi wanga. Likanang'ambika kukanafunika kugula zamkati zatsopano.

Titabwezera zonse, singano inaima pa 400 osasunthanso. Mchenga uja ndinauika pa chivundikiro cha botolo n'kukawaonetsa adona. Anauyang'ana, anayang'ana ine, n'kunena kuti maluwa a kugeti akufota. Pepani sanatuluke, ndipo mpaka lero ndimamudikirabe.

Pogawana buledi kuseri, bambo aja anandifunsa ngati Loweruka ndimagwira ntchito. Ndinati ayi.

"Ndiye 6 koloko ndikupeze pa geti. Bokosili layamba kundilemera."