Ulendo wa ku Zomba ndi laputopu ya Madala

Lipotili lachedwa, ndipo ena a m'gulu lathu la makompyuta mwayamba kale kufotokoza za ulendo wa ku Zomba mwanjira yanuyanu, makamaka inu amene simunapite. Ndalemba zonse monga ndinazionera ndi maso angawa, kuti pamsonkhano wotsatira tisadzathenso ola lathunthu tikulozana zala.

Mukukumbukira kuti anzathu a gulu la makompyuta ku Zomba, ambiri mwa iwo ophunzira a pa yunivesite ndi anyamata okonza makina m'tauni, anatipempha kuti tikawalankhule za malaputopu akale. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, pamene Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopanoko, kwa Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Makina ambiri amene ali m'manja mwa anthu kuno ndi a kaunjika. Laputopu imene mwana wasukulu anaguliridwa ndi ndalama za fodya za bambo ake siingalandire Windows 11, ngakhale ikuyaka bwinobwino. Yankho lathu linali Linux Mint 22, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, ya mtundu wopepuka wa Xfce, imene imayenda ngakhale pa RAM ya 2 GB ndipo idzalandirabe zokonza mpaka 2029.

Mkangano unayambira pokonzekera. Aphunzitsi anabwera ndi masilaidi osawerengeka, oyambira kwa Richard Stallman ndi GNU mu 1983, kudutsa kwa Linus Torvalds ku Helsinki mu 1991, mpaka kwa Mark Shuttleworth wa ku South Africa ndi Ubuntu yake mu 2004. Zonsezo ndi zoona, ndipo anazikonza mokongola, koma titayeserera pakhonde pa a Tcheya ku Area 25, wotchi ya Achemwali inakwana mphindi makumi anayi tisanafike n'komwe pa mawu oti fulashi. Madala anangopukusa mutu n'kuti, "Aphunzitsi, anthuwo akubwera ndi makina m'zikwama, sakubwera kudzalemba mayeso a mbiri." Aphunzitsi anakwiya ndithu, anatseka laputopu n'kunena kuti amene akudziwa kwambiri akalankhule yekha. Kenaka panabuka ina ya chilankhulo, ena akuti ophunzira a pa yunivesite tikawalankhule Chingerezi kuti asatiderere, ena akuti okonza makina a mumsika tiwataya.

Anatiyanjanitsa ndi alamu athu, akunyumba kwa a Tcheya, amene anali atangobwera ndi tiyi. Anamvetsera pang'ono n'kufunsa, "Ndiye mukachotsa Windowsyo, zithunzi zanga zaukwati zipita kuti?" Tinayang'anana. M'masilaidi onse aja munalibe paliponse ponena za kusunga mafayilo kaye. Funso la alamu linakhala silaidi yoyamba, mbiri yonse inapanikizidwa mu silaidi imodzi, ndipo tinagwirizana kuti Aphunzitsi atsegulire kwa mphindi khumi, zotsala Achemwali aonetse pamakina enieni. Za chilankhulo tinati aliyense alankhule monga amalankhulira ndi kasitomala. Wazingwe anachezera usiku ndi bandulo yausiku akutsitsa fayilo ya Mint, imene imayandikira 3 GB, n'kuiika m'mafulashi pogwiritsa ntchito Ventoy, pulogalamu yothandiza kuti kompyuta iyakire pafulashi.

Tinanyamuka Loweruka kusanache pa Sienta ya hayala, Madala kutsogolo chifukwa cha mawondo, ena tonse kumbuyo zikwama pamiyendo. Ku Dedza kunazizira moti Wazingwe, amene anavala tisheti yokha kuti aoneke pazithunzi, anabwereka chitenje cha Achemwali. Chithunzicho chilipo. Pa Lizulu tinati tiime mphindi zisanu zokha, koma a Treja anasowa pakati pa ogulitsa tomato ndi kabichi, n'kutulukira mbali ya Mozambique ya msewu atasenzetsa mnyamata ndowa ya kachewere. Akuti inali ya gulu. Gulu silinaionebe mpaka lero.

Tinali titadutsa pa Balaka pamene Achemwali anafunsa modekha kuti kachingwe kosinthira HDMI kupita ku VGA kali m'chikwama cha ndani. A ku Zomba anali atatichenjeza kuti projekita yawo ndi yakale, ili ndi VGA yokha, pamene laputopu ya Aphunzitsi ili ndi HDMI basi. M'galimoto munangoti zii. Kenaka aliyense anayamba kufwanthula chikwama, a Tcheya akukalipa kuti gulu lopanda dongosolo silipita patali, ndipo kuchokera pamenepo mpaka pa mlatho wa Shire ku Liwonde mlandu unali pa Wazingwe, poti dzina lake lomwe likumupereka. Mnyamatayo analumbira mpaka misozi kulengeza. Tsono imvani zoona zake. Tsiku loyeserera lija Wazingwe anapereka kachingweko m'manja mwa a Tcheya, ine ndikuona, ndipo a Tcheya anakaika pawindo n'kuti akasunga okha chifukwa achinyamata ndi osasamala. Titabwerako alamu anakapeza kali ndi ana, akukakoka ngati galimoto. A Tcheya, ulemu wanu ulipo, koma Wazingwe akudikirabe Fanta yopepesera.

Tinafika ku Zomba phiri litafunda mtambo, ndipo chipinda chinali chitadzaza kale, ena atakhala pamawindo. Anzathu anathamanga m'mashopu kufunafuna kachingweko koma osakapeza. Apa ndi pamene Madala anatsegula chikwama chawo mwakachetechete n'kutulutsa ThinkPad T420 ija ya 2011, yomwe timaiseka tsiku lililonse, yomata tepi pakona, yopanda batani la chilembo cha Q, batire lake losatha mphindi zitatu. Inabwera ngati wodwala woti tionetserepo opareshoni. M'mbali mwake muli VGA. Madala sananene kanthu, anangolumikiza chingwe cha projekita, n'kukhala pansi atapinda manja.

Choncho nkhani yonse inakambidwa kuchokera pa makina omwewo amene timati ndi otha ntchito. Achemwali analowetsa fulashi, kudina batani la F12 losankhira poyakira kompyuta, kusankha Mint, ndipo anthu anaona okha pakhoma kuti kompyuta ikuyaka kuchokera pafulashi popanda kukhudza chilichonse cha m'kati. Masilaidi a Aphunzitsi anatseguka mu LibreOffice Impress, pulogalamu ya masilaidi imene imabwera ndi Mint, zilembo zina zitasuntha pang'ono, mutu umodzi utakwera pamphumi pa Torvalds. Aphunzitsi anayamba ndi mawu onjenjemera, Chingerezi chokhachokha, maso ali pakhoma. Koma atafika pa funso la alamu anthu anaseka, bambo wina kumbuyo anakuwa kuti kwawonso funso ndi lomwelo, ndipo kuyambira pamenepo Aphunzitsi anatembenuka n'kuyamba kucheza ndi anthu m'Chichewa. Anamaliza mphindi khumi zisanakwane, zimene sizinachitikepo chiyambire gulu lathu. Pakati pa chionetsero a Treja, akudutsa kukajambula, anakola chingwe cha chaja ndi phazi, makina n'kuzima. Achemwali sanatekeseke, anangoti amene sanaone bwino poyamba paja aonenso, n'kuitana mtsikana wina wa kutsogolo kuti adine yekha F12.

Chimene chikanatichititsa manyazi chinachitika masana, nthawi yoika Mint m'makina a anthu. Mnyamata wina wa chaka chomaliza anapereka laputopu yake kwa Wazingwe, amene pofuna kutsuka dzina lake ankagwira ntchito mothamanga. Anafika pamalo pamene pamalembedwa kuti "Erase disk and install Linux Mint", kutanthauza kufufuta zonse za m'makina n'kuikamo Mint, anasankha pomwepo, chala chili m'mwamba. Mayi wina amene ali ndi shopu yotayipa ndi kujambula mapepala m'tauni anamugwira padzanja. "Achimwene, mwamufunsa mwanayu kuti pepala lake la kafukufuku lili kuti?" Linali m'makina momwemo, kwina kulikonse kunalibe, ndipo limayenera kuperekedwa mwezi womwewo. Mwini wake anachita kukhala pansi. Tinakopera zonse m'mafulashi awiri, kenaka tinamuikira Mint pambali pa Windows kuti azisankha poyatsa. Mayiwo anatiuza kuti chaka chilichonse amalandira ophunzira akulira ndi nkhani yomweyi, ndipo kunena zoona iwowo ndi amene anayenera kukhala kutsogolo m'malo mwathu.

Pa zimene taphunzira, poti a Tcheya anati ndisaiwale kulemba: tizifunsa za projekita ndi kunyamula zingwe ziwiri m'zikwama ziwiri, tiziyeserera pamaso pa munthu amene si wa makompyuta, pasakhale kuika kalikonse mwini makina asanaonetse pamene wasunga mafayilo ake. Wi-Fi ikakana, monga inachitira pa makina angapo, kulumikiza foni ndi chingwe cha USB kuti ipereke intaneti n'kutsegula Driver Manager, pulogalamu ya Mint yothandiza kuti zipangizo monga Wi-Fi zigwire ntchito, kumathandiza. Ndipo tisamanamize anthu. Ofunsa za SPSS, pulogalamu yosanthula manambala a kafukufuku, tinawauza za zinzake PSPP ndi R, koma tinavomera kuti si chimodzimodzi, komanso kuti matebulo a Word nthawi zina amasuntha mu LibreOffice, choncho chokapereka kwa aphunzitsi ndi bwino kuchisandutsa PDF.

Chakudya anatikonzera kunyumba kwa mmodzi wa akuluakulu awo ku Matawale: nsima ya ufa woyera, nkhuku ya lokolo, nkhwani wotendera ndi thobwa lozizira. Vuto linabwera ndi nthutumba. Mayi wa pakhomopo anaibweretsa payokha m'kambale n'kufunsa kuti wamkulu ndani. A Tcheya anayamba kusamba m'manja kachiwiri. Madala anatsokomola. A Treja anati malamulo a gulu amanena kuti wamkulu ndi wapampando, Aphunzitsi anati malamulowo sanena za nkhuku, ndipo nkhani inakula mpaka eni nyumba anasiya kudya akuseka. Anagamula ndi mtsikana wa F12 uja, amene anati nthutumba ipite kwa mwini laputopu imene yagwira ntchito lero. Madala anaidya pang'onopang'ono, akuyang'ana a Tcheya, ndipo fupa la mwendo analipereka kwa Wazingwe kuti ndi chipepeso cha gulu.

Ku Chawe sitinakwereko, dalaivala anati mafuta amene tinalipira ndi a pansi pokha. Pobwerera tinaima pa Liwonde kugula chambo, ndipo Sienta inanunkha nsomba mpaka ku Lilongwe.

Tikuthokoza anzathu a ku Zomba chifukwa cha chipinda, projekita ndi nkhuku. Mayi wa shopu chifukwa cha dzanja lawo lachangu. Alamu athu chifukwa cha tiyi ndi funso. Achemwali chifukwa cha mtima wosatekeseka ndi chitenje. Dalaivala chifukwa chopirira nyimbo za Madala. Nonse amene munasonkha ya mafuta, Mulungu abwezere pamene mwachotsa. A ku Zomba akuti nawo adzabwera kudzatiphunzitsa kukonza mabodi ndi kusintha mabatire, ndiye amene muli ndi malo ogona alendo lembetsani kwa Achemwali. A Treja abweretse malisiti pamsonkhano wotsatira, kuphatikizapo la kachewere. Fulashi yofiira ya Aphunzitsi sinabwerere, muli mayeso a ana a Fomu 3, amene ali nayo aibweze Lolemba lisanafike.