Ndatenga yakale ija

Anzanga okonda zimbale, patha milungu itatu mutu ukundizungulira: ndigule turntable (makina oimbira zimbale) yakale kapena yatsopano? Basi ndagamula. Ndatenga yakale, Technics SL-1200 MK2, mtundu womwe unayamba kutuluka mu 1979.

Chandikopa ndi mota yake. Chozungulira chija chinakhazikika pa mota penipeni, palibe lamba woti mawa atanuke nyimbo n'kuyamba kukoka ngati woimbayo ali ndi tulo. Kaya chimbale chikuzungulira ka 33 kaya ka 45 pa mphindi, liwiro silisuntha. Kungoinyamula, msana umavomereza kuti ichi n'chitsulo, makilogalamu oposa 10.

Zatsopanozo sindikuzinyoza ayi. Zambiri zimabwera ndi preamp (kachipangizo kokweza mawu ochokera ku singano) m'kati, zina ndi USB kapena Bluetooth, ungolumikiza ku sipika n'kumamvera. Zikavuta umabweza kwa wogulitsa. Zomwe sindingayerekeze n'komwe ndi tija tooneka ngati kasutikesi, topanda cholemetsa kumbuyo kwa mkono. Singano yake imakanikiza kwambiri, ndipo zimbale zanga sindinazitole pansi ine.

Komatu yakale ili ndi zake. Nditangoiyatsa, sipika zinayamba kung'ung'udza ngati njuchi. Ndinavutika usiku wonse, kumasula apa, kumanga apo, osadziwa kuti kawaya kakang'ono ka ground, kothetsa phokoso lotereli, sindinakamangirire ku amplifier (chokuzira mawu). Nditakamanga, zii. Singano ndinaisintha tsiku lomwelo, poti simungadziwe kuti mwini wake woyamba anaiyendetsa maola angati. Kulemera komwe singano imakanikizira chimbale ndinakuika pa magalamu 2, monga ananenera opanga singanoyo.

Chatsala ndi chivundikiro, chili ndi mng'alu pakona yakumanzere. Alipo amene anamatapo pulasitiki yotereyi osasiya chipsera?