Funde la ku Fukushima linafika mpaka ku Karonga

Ife a kuno ku Chigwa cha Shire timadziwa bwino zomwe madzi amachita ndi magetsi. Namondwe Ana atagumula damu la ku Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse linataya mamegawati pafupifupi 130. Chigayo changa pano pa Nchalo chinkangokhala duu tsiku lonse. Amayi ankandandalika matumba a mphale pakhonde, kulemba mayina awo ndi makala, n'kubwerera kwawo opanda ufa. Magetsi akayaka pakati pausiku ndinkadzuka kukagaya.

Kuyambira nthawi imeneyo ndimamva anzanga ena akuti mankhwala ake ndi magetsi a nyukiliya, poti sadalira mtsinje. Maganizowa sindikuwanyoza ayi, koma zomwe zinachitika ku Japan zimandisowetsa mtendere.

Chivomezi chachikulu chitagwedeza dzikolo pa 11 Malichi 2011, makina a pa siteshoni ya magetsi a nyukiliya ya Fukushima Daiichi anazima okha monga anawakonzera. Vuto n'lakuti mafuta a nyukiliya amatenthabe ngakhale makina azime, ndiye amafuna mapampu othira madzi usana ndi usiku. Mawaya a magetsi atawonongeka, mapampuwo ankadalira majenereta a dizilo, ndipo ambiri anali m'zipinda za pansi. Pansi penipeni! Funde la m'nyanja lomwe chivomezicho chinadzutsa, lotalika mamita pafupifupi 14, linadumpha khoma loteteza siteshoniyo n'kumiza majeneretawo. Munthu wa ku Makhanga sasiya thumba la chimanga pansi mvula ikayamba, koma akatswiri anasiya pansi chinthu chogwira moyo wa siteshoni yonse. Makina atatu anasungunuka m'kati, ndipo anthu oposa 150,000 anachoka m'makwawo.

Pofika Meyi 2012 Japan inali itazimitsa masiteshoni ake onse a nyukiliya, omwe kale ankapereka pafupifupi 30 peresenti ya magetsi. Inayamba kuitanitsa gasi ndi mafuta ochuluka, moti mu 2011 inagula zambiri kunja kuposa zomwe inagulitsa, koyamba chichokere 1980.

Chomwe chimandipweteka kwambiri n'chakuti nafenso tinalipira nawo. Masiteshoni aja atazimitsidwa, mtengo wa uranium, mwala womwe amapangira mafuta a nyukiliya, unagwa pamsika wa dziko lonse, ndipo mu 2014 kampani ya Paladin inasiya kukumba uranium pa mgodi wa Kayelekera ku Karonga. Abale athu ambiri ntchito inawathera, ndalama zakunja zomwe mgodiwo unkabweretsa zinauma, ndipo unakhala chitsekere zaka zoposa 10.