Sipeya ya Chikatapila Chakale Imasakidwa ndi Nambala ya Injini

Ku Sweden kunkapangidwa kagalimoto koyenda pa matcheni kotchedwa Snow Trac, kodutsa m'chipale chofewa. Kampani yake inasiya kalekale kupanga, koma eni ake mpaka lero amapeza mapisitoni ndi magasiketi, chifukwa injini yake inali ya Volkswagen yozizira ndi mphepo, ya mtundu womwewo wa Beetle. Galimoto ina yotere, Bv 202 ya asilikali a Sweden, inali ndi injini ya Volvo B18, yomwe inalinso m'magalimoto wamba. Kuno ku Salima chipale kulibe, koma zikatapila ndi mathirakitala akale ogona m'mayadi, kuyambira ku Kamuzu Road mpaka kuminda ya nzimbe ku Dwangwa, amafuna nzeru yomweyi. Dzina lolembedwa pa boneti musalidalire. Sakani dzina ndi nambala ya injini.

Nambalayo imadindidwa pa bulooko. Tsukani ndi dizilo, palani ndi bulashi ya waya, pakani choko kuti zilembo zioneke, kenako jambulani ndi foni. Pa Caterpillar lembaninso arrangement number, nambala yosonyeza zipangizo zomwe zinaikidwa mu injiniyo, ya pa kachitsulo ka injini.

Chitsanzo ndi injini za Caterpillar: 3304 ya m'zikatapila zina za D4 ndi 3306 ya m'zina za D6. Ina ili ndi masilinda 4, ina 6, koma m'mimba mwa silinda ndi mofanana, mamilimita 120.65, choncho masilivi, mapaipi omwe mapisitoni amayendamo, amabwerekana. Msampha uli apa: injini zimenezi zilipo za mitundu iwiri, PC yokhala ndi kachipinda koyatsira dizilo ndi DI yopopera dizilo pamwamba pa pisitoni. Mapisitoni, manozo ndi hedi sizifanana. Mukasakaniza, injini imavuta kulira, imafuka utsi, ndipo pisitoni imatha kupsa.

Pa thirakitala ya Massey Ferguson 135, injini ya dizilo ndi Perkins AD3.152, masilinda 3, mamilimita 91.44. Musanagule maring'i, onani silivi. Zina zakale ndi za kuromu, ndipo ring'i ya kuromu pa silivi ya kuromu sikhazikika: injini imangomwa oyilo ngakhale mwangoimanga kumene. Ine ndimaona kuti ndi bwino kugula silivi, pisitoni ndi maring'i pamodzi ngati seti, kusiyana ndi kutolatola. Onaninso silu ya kumbuyo kwa krankishafti, chifukwa ina ndi ya chingwe, ina ndi ya labala, ndipo sizilowana.

Mabeyaring'i musagule musanayeze. Krankishafti ya zaka 50 mwina inagayidwapo kale, ndiye imafuna ya 0.25, 0.50 kapena 0.75 mm. Yezani shaftiyo ndi chida choyezera cha maikromita pamalo awiri opingasana. Ngati yaphwatalala, ipite kokagayitsa kaye, mabeyaring'i mugule pambuyo. Mukaika ya standadi pa shafti yogayidwa, oyilo amataya mphamvu ndipo injini imagogoda isanathe sabata.

Popita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, nyamulani chitsulo chakalecho m'thumba, musangodalira chithunzi. Werengani mabowo a mabawuti, yezani kutalika, yerekezani pa kauntala pomwepo. Hedi yogula kwa ophwasula muiyike mozondotsa, thirani palafini pa mavavu muone ngati akudontha, ndipo yang'anani ming'alu pakati pa mipando ya mavavu. Koma pampu ya dizilo ya kampani ya CAV musaimasule pansi pa mtengo wa mango. Fumbi la Salima la mu Okutobala ndi lokwanira kukanda mkati mwake, choncho itsekeni mabowo onse, ikulungeni m'pulasitiki, ipite kwa a makina oyezera mapampu.