Jekete langa linagona ku Limbe

Pagulu lathu la pa WhatsApp pali mkulu wina amene sadziwa kunena chinthu mwachindunji. Lachisanu likakwana, m'malo mongolemba kuti lero tikumane pakuti, iye amaponya chilape. Woyamba kufika pamalopo amamwa ulere, enawo n'kumusonkhera. Lamuloli linkandikomera ineyo, poti mbiri ya Kabula ndimaitsata kuyambira pomwe amishoni a ku Scotland anafika kwa mfumu Kapeni mu 1876.

Sabata ina analemba kuti, "Pomwe agogo anatsanzika popita kukakumba golide." Anzanga ali mkati mofunsana, ine ndili kale pa Wenela, botolo lili m'manja. Dzinali ndi la bungwe lija linkalemba anthu ntchito za kumigodi ya ku Joni. Sabata yotsatira kunabwera "Magalasi a mzungu." Ndinangoseka. Ku Mandala kumeneko, dzina lochokera pa magalasi a John Moir wa kampani ya African Lakes, ndipo nyumba ya mu 1882 ija ikadalipo mpaka lero. Anzanga anayamba kunditchula kuti Pulofesa. Ine osakana.

Ndiye linafika tsiku la tsikulo. "Chilape! Amayenda ndi nyumba yake, safulumira, koma amafika."

Ndinakhala pansi n'kuyamba kuganiza mozama, ndipo apa ndi pomwe zinathinira. Ndinati mkulu uyu amakonda mbiri, ndiye yankho lili m'mbiri. N'chiyani chimakoka nyumba kumbuyo kwake, chikuyenda monyang'wa? Sitima! Nanga mabogi aja si nyumba? Ndipo tauni ya Limbe inabadwa ndi njanji, inakhazikitsidwa mu 1909, isanaphatikizidwe ndi Blantyre mu 1956. Ndinadziombera m'manja ndekha, n'kuvala jekete langa la ukwati, n'kukwera minibasi.

Kufupi ndi njanji ndinapeza kamalo kena komwera, ka malata, mkati muli mabenchi ndi wailesi yolira mokokomeza. Wa gulu lathu panalibe ngakhale mmodzi. Mtima unati myaa, ndawatsogolanso.

"Achemwali, Girini mmodzi wozizira. Muzingolemba, olipira akubwera."

Mayiwo anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kujekete, n'kutsegula botolo. Jekete lija ndi lomwe linandipatsa ngongole.

Pakona panali madala awiri akugawana paketi imodzi ya Chibuku, wina akaipukusa n'kumwa, n'kupatsira mnzake. Ndinawamvera chisoni. Nanga munthu ukumwa zaulere ungamaonerere akuluakulu akuvutika? Ndinawaitanitsira wina aliyense yake. Mmodzi anati anagwirapo ntchito kunjanji, ndiye tinayamba ya sitima: za mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, za ulendo wa ku Beira, za mmene anthu ankagonera pasiteshoni podikira. Nkhani itakoma, anthu anasendera. Mnyamata wa kanyenya naye anatulukira ndi mbale yake, ine n'kuti, "Tsitsa yonse, amwene." Wina anandifunsa ngati ndikudzaimira ukhansala.

Mdima unagwa. Foni yanga inali itazima kalekale, batire itatha. Ndinapempha achemwali aja kuti andiikireko pamoto, ndipo itangoyaka inayamba kunjenjemera osalekeza. Zithunzi zokhazokha: anzanga onse atazungulira tebulo, mang'ina ali mbwee. Pansi pake, "Pulofesa ali kuti kodi?"

Ndinaimba. "Aise, muli kuti inu?"

"Pa Kamba, nanga tikhale kuti?"

Kamba. Ine ndimakhala ku Naperi. Pa Kamba ndimapitapo wapansi kukagula chipisi.

Ndinayesa kufotokoza za njanji ndi 1909, koma kumbali inayo kunali phwete lokhalokha, wina mpaka kutsamwa. Madala wa kunjanji uja anamva zonse. Anapukusa paketi yake yachitatu, n'kunena mofatsa kuti, "Bwana, chimenecho ngakhale mdzukulu wanga wa Sitandade 2 akanakuuzani." Koma paketiyo sanabweze.

Achemwali anabwera ndi kope. Anali atalemba zonse bwinobwino, mpaka ndudu za munthu wina amene sindinamuone n'komwe. M'thumba mwanga munali ya minibasi yobwererera basi, ndipo mu foni munali ndalama yosakwana n'kanyenya yemwe. Ndinayamba kulankhula Chingerezi, iwo n'kungoima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Achimwene, olipira aja afika nthawi yanji?"

Tinagwirizana kuti jekete litsale ngati chikole. Anati silikukwana. Lamba anatsalanso. Ndinatuluka dzanja limodzi litagwira thalauza, madala aja akundiperekeza ndi mawu akuti, "Mudzabwerenso Lachisanu, bwana!"

Minibasi yomwe ndinakwera inadzera pa Kamba pomwepo. Ndinaweramitsa mutu mpaka tinadutsa, kondakitala n'kundifunsa ngati ndikufuna kusanza.

Kunyumba mayi a ana anatsegula chitseko, n'kuyang'ana malaya, n'kuyang'ana dzanja lili pathalauza.

"Bambo a Chisomo, jekete lili kuti?"

"Ndalisiya kochapitsa."

"Ndi lamba yemwe?"

M'mawa mwake ndinalawirira ku Limbe ndi ndalama ya magetsi. Ndinapeza achemwali aja akusesa pakhomo, kunja kukuzizira, atavala jekete langa.