Zikomo nonse, makompyuta athu akale alowanso pa intaneti

Ndikulemba izi pa kompyuta yomwe mwezi wathawu ndinatsala pang'ono kuipereka kwa ogula zitsulo zakutha, ndiye ndiloleni ndithokoze.

Amene mumabwera pa kashopu kathu kotayipira makalata kuno ku Lizulu mukuwadziwa makompyuta a Pentium 4 atatu aja a Windows XP. Kutayipa analibe vuto, koma intaneti ayi. Imelo osatseguka, mafomu ofunsira ntchito osatseguka, makasitomala n'kumabwerera pakhomo ndalama ili m'manja. Ine ndinkangoti ndi netiweki, n'kumagula bandulo pamwamba pa bandulo.

Woyamba ndithokoze mphwanga, yemwe anakwera minibasi kawiri kuchokera pa boma la Dedza osalandira ngakhale tambala. Iyeyu ndi amene ananditsegula maso. Masamba ambiri a pa intaneti masiku ano amabisa zomwe mukutumizirana pogwiritsa ntchito TLS, kuti wina asakuwerengereni pasiwedi panjira. Internet Explorer 8, pulogalamu yotsegulira masamba ya pa XP, imathera pa TLS 1.0 ya 1999, pomwe masambawo amafuna 1.2 kapena 1.3 ya 2018. Anangoti, "Malume, kiyi muli naye, koma loko anasintha kalekale."

Chinanso n'choseketsa. Kabatire kam'kati, kaja kokhala ngati kobidi ka CR2032, kanali katatha. Magetsi akangozima wotchi ya kompyuta inkabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndiye satifiketi ya tsamba lililonse, yotsimikizira kuti tsambalo ndi lenileni, inkaoneka ngati tsiku lake silinakwane. Kanthu kakang'ono chonchi kundisowetsa tulo miyezi yonseyi!

Ena anandilangiza kuti ndizingodina kupitirira chenjezo la satifiketilo likabwera. Mphwanga anakanitsitsa, ndipo ndikuona kuti analondola. Pano anthu amalembapo manambala a ziphaso zawo.

Pa makompyuta awiri mphwanga anaikapo Linux yopepuka ya antiX m'malo mwa XP, ndi pulogalamu yotsegulira masamba ya Firefox yodziwa TLS 1.3. Yachitatu yatsala pa XP chifukwa cha pulinta yathu yokalamba, koma waya wa intaneti tauzula, popeza Microsoft inasiya kuiteteza XP mu Epulo 2014.

Zikomo achimwene okonza mafoni pa Tsangano Turn-off potipatsa RAM, memole ya kompyuta, yomwe inkangokhala m'katoni. Zikomonso mayi akunyumba, munapirira ndalama ya mbatata ikupita ku mawaya, ngakhale mawu munayankhulako ndithu.

Tatsegulanso kuyambira Lolemba. Imelo ndi mafomu zikutheka, koma pang'onopang'ono. Ofuna kuonera mavidiyo mutikhululukire, nkhalambazi sizingakwanitse.